Lekani kukoka ziweto ndi makutu

Pa katemera wa chaka chino ndaona makutu ogwa ambiri kuposa zaka zonse, ndipo chifukwa chake ndachiona ndi maso anga. Mbuzi ikakana kulowa pamzere, mwini wake akuigwira khutu, kulipotokola, n'kuikwekweza mpaka pomwe taima ndi jakisoni. Ena akuchita zomwezo ndi ana a ng'ombe, ena akunyamula kalulu m'mwamba ndi makutu ngati thumba. Ukawaletsa amati, "Makolo athu ankatero." Ankaterodi, ndipo makutu ankagwanso.

Khutu lilibe fupa. M'kati mwake muli chicherewecherewe chopyapyala chokutidwa ndi khungu, ndipo chomwe chaligwiriza kumutu ndi timinofu tating'ono tozungulira patsinde pake. Tina timalikokera kutsogolo, tina kumbuyo, tina m'mwamba, ndipo kamodzi kamatsika m'mbali mwa chibwano n'kumalikokera pansi. Patsinde pomwepo palinso kachicherewecherewe kena kaphanthiphanthi kokhala pa mafuta, komwe timinofu tambiri tamangirira. Ndiye chifukwa chake bulu amatha kuloza khutu limodzi kwa inu, lina kwa galu amene akubwera kumbuyo. Ntchito ya timinofu timeneti ndi kutembenuza khutu ndi kuingitsa ntchentche basi. Thupi lonse la mbuzi ya makilogalamu 30 sitingalinyamule.

Chowawa kwambiri ndi mtsempha. Timinofu tonseti timalamulidwa ndi mtsempha wa nkhope, wa nambala 7 mwa 12 yochokera mu ubongo, ndipo umatulukira pafupi ndi tsinde la khutu. Womwewo ndi umene umatseka chikope ndi kuyendetsa milomo. Ukavulala, khutu limalendewera, diso silingaphethirenso bwino ndipo limauma, chakudya chimaunjikana m'tsaya. Chiweto chimayamba kuonda chili pa msipu wabwino.

Bambo wina anandiitana kuti nkhumba yake yalumidwa ndi njoka. Nditafika ndinapeza khutu latupa ngati chikhatho chonenepa, lofunda, ukalidina likuchita tibwitibwi. Ndinafunsa mnyamata wawo momwe anaisamutsira khola dzulo lake, iye n'kungoyang'ana pansi. Anali magazi, mitsempha ya magazi itaphulika pakati pa khungu ndi chicherewecherewe. Bambowo anali atanola kale mpeni kuti aboole. Akanatero bwenzi tikulimbana ndi mafinya ndi mphutsi. Khutulo linapola, koma linafota n'kukwinyika, ndipo silidzawongokanso.

Komanso mukundisokoneza ine. Khutu limodzi likagwa lokha, ndimaganizira matenda a m'kati mwa khutu, nkhupakupa zofiirira zija zimadzazana m'makutu n'kufalitsa matenda a ng'ombe otchedwa East Coast fever, kapena matenda a mu ubongo. Tsono ngati theka la khola munalikoka makutu, ndidziwa bwanji yodwaladi?

Mbuzi igwireni dzanja lina kunsi kwa chibwano, lina kumatako. Mwana wa ng'ombe mumangeni chingwe kumutu. Nkhumba iguguzeni ndi thabwa. Kalulu dzanja lina pachifuwa, lina lichirikize kumbuyo. Nambala ya pakhutu ibooleni pakati, m'kati mwa mizere iwiri yolimba ya chicherewecherewe, osati kutsinde komwe kuli minofu. Khutu likatupa kapena kugwa musalicheke, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.