Momwe mungasamalire mkono wotupa mutachotsedwa bere

Pa opaleshoni ya khansa ya m'mawere nthawi zambiri amachotsanso anabere a m'khwapa, omwe amathandiza kuti madzi a m'thupi aziyenda. Akachoka, madziwo amatha kuunjikana mumkono, madokotala amati lymphoedema. Wanga unayamba kutupa chaka chitatha, nditaganiza kuti zonse zapita.

Yambani ndi tepi ya atelala. Yezani mikono yonse iwiri pamalo ofanana, m'mawa, n'kulemba m'kope. Wina ukaposa unzake ndi masentimita 2, kaonaneni ndi a physiotherapy (a mafizo) kuchipatala cha Queens kapena cha Kachere ku Blantyre.

Kusisita ndiye kumene ine ndinalakwitsa. Azakhali anga anabwera ndi beseni la madzi otentha ndi kansalu, amvekere, "Mwana wanga, chotupa timathowa." Anathowa masiku atatu, akukanikiza ndi mphamvu, chifukwa cha chikondi. Tsiku lachitatu mkono unalemera ngati mtondo wonyowa, mphete italowa m'chala mpaka tinachita kuidula. Kutentha kumakokera madzi ena pamalopo. Chonde musathowe.

Kusisita koyenera n'kotere: tambasulani chikhatho, muzingosuntha khungu pang'onopang'ono ngati mukudzoza khanda. Musayambire ku zala ayi. Yambani m'khosi, pamwamba pa fupa la pachifuwa, kenaka khwapa la mbali yabwinoyo, kuti madzi apeze kolowera. Mukatero bwerani paphewa, n'kumatsika mpaka ku dzanja, koma nthawi zonse mukukankhira kumtunda. Khungu likafiira, ndiye kuti mwaonjeza mphamvu.

Palinso sokosi yothina yovala kumkono. Ndi yodula ndipo siipezeka wamba, koma musatole ya pakaunjika ku Limbe: yanga yoyamba inali yotha mphamvu, inkapindikira pachigongono n'kumanga ngati legeni. Akuyezeni kaye. Nawonso ogulitsa zitsamba za m'mabotolo zoti "zimaphwetsa" angokudyerani ndalama.

Zotsalazi n'zosavuta. Kwezani zala pakhoma ngati kangaude kakhumi, finyani kampira, pogona tsamiritsani mkono papilo. Dzolani Vaseline khungu lisang'ambike, samalani ndi mbaula ndi mpeni, gonani m'masikito. Ndowa yodzadza inyamuleni ndi mkono winawo.

Mkono ukafiira, kutentha, thupi n'kumazizidwa, musadikire kuti kuche kawiri. Tizilombo talowa pakhungu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.