Kasamalidwe ka Mapulopela a Drone Yaing'ono

Musanagwire pulopela (phiko lozungulira) iliyonse ya drone, kandege kouluka kopanda munthu m'kati, chotsani kaye batire, chifukwa mota ikangoyamba kuzungulira mwadzidzidzi imatha kukutemani chala. Kenako yendetsani chala m'mphepete mwa pulopelayo, ndipo mukamva pokhakhala kapena mukaona mng'alu pafupi ndi pomangira, isintheni. Kuimata ndi guluu n'kungodzivuta, popeza mbali imodzi imalemera ndipo drone imanjenjemera ikakhala m'mwamba.

Pa drone ya mamota 4, awiri amazungulira kumanja pamene ena awiri amazungulira kumanzere, choncho pulopela yokhala ndi chizindikiro iikidwe pa mota ya chizindikiro chomwecho, apo ayi drone imagubuduzika ikangoti inyamuke. Pa DJI Mini, mtundu wa drone yaing'ono umene mota iliyonse imakhala ndi mapulopela awiri, sinthani mapulopela onse awiri a mota imodzi pamodzi ndi tisikuluwu take. Tsitsi kapena udzu umene wakulungika pa mota muuchotse ndi kopanira kakang'ono.