Kampu ya othawa kwawo ikamakula, muyiyendetse bwanji

Choyamba musamange kampu ngati kuti anthuwo achoka mawa. Kampu ya Dadaab ku Kenya anaitsegula 1991 kuti mukhale anthu 90,000, pofika 2011 anali atapitirira 400,000 ndipo mpaka pano ikadalipo. Ndiye pulani yanu ikhale ya tauni basi.

Malo musankhe kutali ndi malire a dziko lomwe athawako, a UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, amati makilomita 50 kapena kuposa, komanso potsetsereka pang'ono kuti madzi amvula asamadikhe. Munthu mmodzi mumuwerengere masikweya mita 45, kuphatikiza misewu, sukulu, msika ndi kadimba. Siyani malo opanda kanthu dala, anthu azibwerabe ndipo ana azibadwa. Pa mamita 300 aliwonse pakhale mpata wa mamita 30 woti moto usawoloke, ndipo mpata umenewu muwuteteze zenizeni chifukwa ndi umene anthu amayamba kumangapo malo akachepa.

Pomwe zimavuta kwambiri ndi madzi ndi zimbudzi. Munthu azipeza malita 20 patsiku, zikathina asatsike pa 15, mpopi usatalikire mamita 500 kuchoka pakhomo. Chimbudzi chimodzi anthu asapose 20 ndipo chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime kapena mjigo. Mukangolekerera apa kolera sachedwa, ku Goma m'dziko la DR Congo mu 1994 inapha anthu masauzande ambiri m'masabata ochepa chabe. Zimbudzi za amayi zikhale pazokha, zokhoma mkati komanso pakhale magetsi ngakhale a sola, apo ayi usiku sapitako ndiye mudzadabwa kuti zimbudzi zilipo koma kuseli kwa nyumba kukununkha.

Aliyense akafika alembedwe m'kaundula tsiku lomwelo, ana abayidwe katemera wa chikuku. Kaundulayo muzimukonza pafupipafupi poti chakudya chimagawidwa potengera manambala amenewo.

Atsogoleri azisankha okha eni ake m'mabuloko mwawo, amayi akhalemo mu komiti osati ongokongoletsa. Eni dera nawo musawaiwale, chipatala, sukulu ndi mjigo azigwiritsa ntchito limodzi, chifukwa mkangano umayambira pa nkhuni ndi madzi. Kwa ine njira ya ku Uganda ndiyabwinoko, kumeneko othawa kwawo amapatsidwa kamalo kolima komanso amaloledwa kugwira ntchito ndi kuchita bizinesi, ndiye thandizo la WFP, bungwe la United Nations logawa chakudya, likachepa pamakhala pogwira.