Momwe mungadziwire ngati hatchi yaing'ono ingathamange bwino ikasintha bwalo

Amene mumatsatira mipikisano ya mahatchi ku South Africa kapena ku Britain mwaonapo izi: hatchi ya zaka ziwiri yathamanga mochititsa kaso pa kapinga, patapita milungu itatu ayiika pa Polytrack (bwalo la mchenga lochita kupanga), n'kukafika kumapeto ngati yadwala. Nthawi zambiri siinadwale ayi, chasintha ndi pomwe ikuponda. Hatchi yaikulu ili ndi mbiri yoti muyang'anepo, koma yaing'ono mwina yangothamanga kamodzi kapena kawiri, ndiye muyenera kuiwerenga yokhayo.

Yambani ndi kudziwa bwalo lomwe ikuchoka ndi lomwe ikupita

Mabwalo alipo a mitundu itatu. Pali kapinga, yemwe amauma dzuwa likawala n'kusanduka matope mvula ikagwa. Pali dothi, losakaniza mchenga ndi dongo, lomwe ndi lofala ku America. Ndiye pali mabwalo ochita kupanga, a mchenga, ulusi ndi tizidutswa ta mphira zokutidwa ndi phula: Polytrack ndi Tapeta. Ku Greyville mumzinda wa Durban ndi ku Fairview ku Gqeberha kuli kapinga ndi Polytrack pamalo amodzi. Ku Britain, Kempton, Lingfield ndi Chelmsford City ali ndi Polytrack, pomwe Newcastle, Wolverhampton ndi Southwell ali ndi Tapeta.

Musasokoneze Polytrack ndi dothi chifukwa chongoti onse amaoneka ofiirira. Pa dothi chiboda chimatsetsereka pang'ono chisanagwire, ndipo mpikisano umayamba ndi liwiro lalikulu, wotsala m'mbuyo savuta kutsaliratu. Pa Polytrack chiboda chimagwira msanga, ndipo kathamangidwe kake kamayandikira ka pa kapinga wouma bwino, komwe mahatchi amasunga mphamvu n'kudzaitulutsa m'mamita 400 omaliza. N'chifukwa chake kuchoka pa kapinga kupita pa Polytrack sikuvuta ngati kuchoka pa kapinga kupita pa dothi.

Onerani miyendo, osati nambala yomwe inamalizira

Pezani kanema wa mpikisano wake wapitawo, mumuonere kawiri kapena katatu, maso anu ali pa miyendo yakutsogolo. Hatchi ina imakweza bondo m'mwamba n'kumenya pansi mwamphamvu ngati ikusinja. Yotere imakonda pofewa, pomwe chiboda chimalowa, ndipo pouma imadzipweteka yokha. Ina imaponya mwendo patali moyandikira pansi, ngati ikumweta udzu. Imeneyi ndi ya pa kapinga wouma ndi pa Polytrack, koma m'matope imasowa pogwira.

Kenako funsani kuti tsiku limenelo bwalo linali bwanji. Hatchi yoponya mwendo motsika imene inamaliza pa nambala 7 pa kapinga wonyowa ingakudabwitseni ikafika pa Polytrack, pakuti chomwe chinailepheretsa palibenso. Koma yokweza bondo imene inapambana m'matope, muichepetsere chiyembekezo. Ziboda nazo zimanena kanthu: zazikulu zotambalala zimathandiza pofewa. Ichi n'chizindikiro chaching'ono, musachikulitse.

Mchenga wa kumaso

Apa ndi pomwe mahatchi aang'ono ambiri amagonjera, ndipo ndi pofunika kukhalapo nthawi. Pa kapinga wouma, hatchi yothamanga kumbuyo kwa zinzake siilandira kanthu kumaso. Pa dothi, ndiponso pa Polytrack ngakhale mochepa, ziboda za zakutsogolo zimaponya mchenga m'maso ndi m'mphuno mwa zotsatira. Hatchi yomwe sinazionepo imadzidzimuka. Mudzaiona ikutukula mutu, ikugwedeza makutu, ikufupikitsa mapazi, kapena ikudumphadumpha ngati ikukwera chitunda. Wokwera amayamba kuikankha mpikisano usanafike pakati, pomwe mphamvu ikadali nayo.

Choncho yang'anani malo omwe hatchiyo imakonda kuthamangira. Yotuluka msanga pageti loyambira mpikisano n'kukhala kutsogolo siidya mchenga, ndiye kusinthaku sikuivuta kwenikweni. Yochedwa kutuluka, makamaka ikapatsidwa geti la mkati, imatsekeredwa kumpanda ndipo mchenga wonse ndi wake. Geti la kunja limaipulumutsa ku mchengawo, koma limaitalikitsira njira pokhota. Ku Greyville zimenezi zimaoneka bwino, popeza Polytrack ili mkati mwa bwalo la kapinga ndipo makona ake ndi othina.

Ngati pa ulendo woyamba inatukula mutu poyamba, koma itatulutsidwa kunja n'kuyamba kupitirira zinzake, musaitaye. Bwalolo silinaikane, inangodana ndi mchenga, ndipo ambiri amazolowera pa ulendo wachiwiri. Aphunzitsi anzeru amaithamangitsiratu kumbuyo kwa mahatchi awiri kapena atatu m'mawa kuti ilawe mchengawo tsiku la mpikisano lisanafike.

Makolo ake

Fufuzani komwe bambo wake anapambanira ndi komwe ana ake ena akuchita bwino. Ana a Galileo amadziwika pa kapinga, pomwe a Tapit ndi a Into Mischief ambiri atchukira pa dothi. Musaiwale kuchikazi: ngati mayi wake kapena abale ake a mimba imodzi anapambana pa Polytrack, umenewo ndi umboni wapafupi kuposa mbiri ya bambo yemwe ali ndi ana mazanamazana.

Komabe magazi amangolozera, salamula. Animal Kingdom anabadwa kwa makolo a pa kapinga, Leroidesanimaux ndi Dalicia, ndipo anali asanapikisanepo pa dothi pomwe anapambana Kentucky Derby, mpikisano wotchuka wa ku America, mu 2011. Anthu a khola lake anali atamuyesa kale pa dothi la ku Churchill Downs, komwe kumachitikira mpikisanowu, masiku angapo mpikisano usanachitike, n'kuona kuti akuligwira bwino. Zomwe hatchi yaonetsa ndi miyendo yake zimaposa zolembedwa papepala.

Onetsetsani kuti chasintha ndi bwalo lokha

Cholakwa chofala n'kunamizira bwalo pomwe zasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Hatchi ikachoka pa mamita 1000 olunjika pa kapinga n'kupita pa mamita 1400 okhota pa Polytrack, yakumana ndi mtunda watsopano, kona yoyamba pamoyo wake, ndi bwalo latsopano. Ikalephera, simungaloze chimodzi. Onaninso kulemera komwe yanyamula, ndiponso ngati aiveka zotchinga m'maso koyamba.

Msinkhu nawo umanyenga. Ku South Africa mahatchi onse amawerengedwa kuti awonjezera chaka pa 1 August, ku Britain pa 1 January, kotero ziwiri zotchedwa za zaka ziwiri zingasiyane ndi miyezi inayi. Yobadwa mochedwa ingachite bwino pa bwalo latsopano chabe chifukwa yakhwima. Ngakhale Polytrack yomweyo siikhala chimodzimodzi tsiku lonse, poti phula limafewa kukatentha n'kulimba kukazizira.

Kwa amene muli m'khola

M'mawa wotsatira mpikisano, gwirani miyendo yakutsogolo kuyambira pabondo mpaka pachiboda, muyerekeze wamanja ndi wamanzere. Msongolo ukatentha, ukatupa, kapena hatchi ikauchotsa mukausindikiza ndi chala, dziwani kuti fupa silinazolowere kugunda kwa bwalo latsopanolo. Izi n'zofala mwa mahatchi a zaka ziwiri, chifukwa fupa limakhwima motsatira ntchito yomwe lakhala likugwira. Uzani mphunzitsi tsiku lomwelo, thirani madzi ozizira pamwendopo kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo isathamange mwaliwiro dokotala wa ziweto asanaione. Mukaiyendetsa pamalo olimba, mvetserani ziboda zonse zinayi ngati zikugunda mofanana.