Ndinkaponya mbedza patali kwambiri

Ku Padre Island, chilumba cha ku Texas, ku America, ndinakhala milungu itatu osagwira nsomba ya m'nyanja yotchedwa redfish olo imodzi. Ndinkaponya mbedza ndi mphamvu zanga zonse, poganiza kuti nsomba zikuluzikulu zili kutali, koma nyambo inkagwera pamwamba pa mulu wa mchenga, pomwe mafunde amasweka n'kuchita thovu.

Tsiku lina madzi ataphwa ndinangoima pagombe n'kumayang'anitsitsa. Pakati pa gombe ndi mulu woyamba wa mchenga panali ngalande ya madzi oderako komanso odekha. M'menemo ndi momwe mafunde amakokeramo nkhanu ndi tinsomba ta mullet, ndipo redfish zimadutsa momwemo pofuna chakudya. Ndinaonanso pamene muluwo unadukira, madzi akutulukirapo.

Madzi atayamba kubwerera, ndinaponya pafupi ndi podukapo, pamtunda woti mwana angafikepo ndi mwala. Ndinaika chidutswa cha mullet pa mbedza yozungulira, n'kumangirira chitsulo cholemera cha mawaya chomwe chimaluma mchenga, kuti mafunde asachikokolole.

Ndodo inapindika dzuwa lisanakwere. Nsomba yofiirira, ya kadontho kakuda kumchira, mainchesi 24. Lamulo la Texas limalola kusunga redfish za mainchesi 20 mpaka 28, choncho ndinapita nayo kunyumba.