Timalalanje ta kumquat tachuluka pakhomo? Umu ndi momwe mungapangire chatini, jamu ndi zina

Kuseri kwa nyumba ya achemwali anga ku Namwera kuli kamtengo kosapitirira denga la khitchini, kamene anakapeza pogula malowo. Chaka chilichonse kukayamba kuzizira, cha m'ma June ndi July, kamabereka mpaka nthambi kuwerama. Zipatso zake ndi timalalanje tating'ono, totalikirako pang'ono, kukula kwake ngati chala chachikulu cha kumanja. Ana a m'mudzimo analawa kamodzi n'kukwinya nkhope, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibe amene amakagenda. Mtengo wa zipatso woti ana saugenda, mudziwe kuti pali nkhani.

Nkhani yake ndi yoti ankasenda. Nanenso tsiku loyamba ndinasenda ngati nachesi la ku Mwanza, kutaya khoko, kuponya zam'kati m'kamwa, ndipo mano onse anachita dzanzi. Chipatso chimenechi dzina lake ndi kumquat, ndipo chinabadwa mozondoka: kutsekemera kuli kukhoko, kuwawasa kuli m'kati. Chimadyedwa chonse, kungolavula njere. Kwawo ndi kumwera kwa China, ndipo dzinalo ndi la Chikantoni, chilankhulo cha kumeneko, kutanthauza lalanje lagolide. Ku Ulaya chinafika mu 1846 ndi mkulu wina wotolera mbewu, Robert Fortune. Kuno kwathu simungachipeze pamsika wa pa Boma ngati mango kapena mandimu, koma m'makomo ena ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja mitengoyi ilimo, ndipo ambiri amangoyesa maluwa okongoletsera bwalo.

Chaka chatha achemwali ananditumizira chidebe chodzaza pa minibasi, ndi uthenga woti, "Achimwene, muone nokha chochita, ine zandikwana." Zimene ndikulemba panozi ndi zomwe zinatuluka m'chidebe chimenecho.

Chatini

Ambiri tinazolowera achali wa mango, wamafuta ndi tsabola. Chatini ndi m'bale wake, nayenso anachokera ku India, koma iyeyu amaphikidwa pamoto ndi shuga ndi viniga mpaka kulimba ngati phala. Zimene zimamusunga kuti asaonongeke ndi ziwiri zimenezi, shuga ndi viniga, choncho musazichepetse pofuna kupulumutsa ndalama.

Pa kilogalamu imodzi ya timalalanje mufunika anyezi awiri apakatikati, shuga makapu awiri (magalamu 400), viniga kapu imodzi ndi theka, jinja wotalika ngati chala, adyo timagawo tinayi, mchere supuni yaing'ono imodzi, ndi tsabola wa kambuzi awiri kapena atatu. Kapu imene ndikunena ndi ya mamililita 250. Viniga akhale wa m'botolo lolembedwa kuti asidi wake ndi 5 peresenti, osati wothiridwa m'mabotolo opanda chizindikiro, chifukwa simudziwa kuti anamusungunula ndi madzi ochuluka bwanji. Ngati muli ndi njere za mpiru, zomwe zija timafesa kudimba koma zosathira mankhwala, supuni yaing'ono imodzi imakometsa kwambiri. Za m'paketi ya kusitolo ya mbewu musayerekeze, zambiri zimakhala zopakidwa mankhwala.

Yambani ndi kusankha. Zofewa, zong'aluka ndi zomwe zinagwa pansi n'kuyamba kununkha mowa, tayani. Zotsalazo muzitsuke bwinobwino ndi madzi oyera, pajatu khoko ndiye ndiwo yake. Chotsani timapesi.

Kenako pakubwera ntchito yotopetsa, ndipo sindikunamizani, ndi yotopetsadi. Kachipatso kalikonse mukadule pakati chopingasa, kapena patatu ngati n'kokulirapo, n'kumachotsa njere ndi nsonga ya mpeni. Kilogalamu imodzi ndi timalalanje tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi njere zake ziwiri, zitatu, mwina zisanu. Khalani pamkeka pamthunzi, tsegulani wailesi, itanani wina akuthandizeni. Dulirani m'mbale yakuya kuti madzi ake asatayike. Njerezo musataye, ikani pakasosala, tizifuna pa jamu. Ngati muli ndi kabala pachala mudzakadziwa nthawi yomweyo.

Tsopano poto. Zinthu zowawasa sizigwirizana ndi poto wa aluminiyamu, amene ndi amene ali m'makhitchini ambiri mwathu muno. Asidi amadya chitsulocho, chakudya n'kumamveka kachitsulo mkamwa. Ngati muli ndi poto wa chitsulo chosachita dzimbiri (sitilo) kapena wa enamelo wosasupuka, gwiritsani ntchito ameneyo. Ngati mulibe, bwerekani kwa aneba, mudzawabwezera ndi kabotolo kamodzi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho ndichedwapo. Musathire shuga koyambirira. Ikani timalalanje m'poto ndi anyezi woduladula, jinja ndi adyo zosinja, tsabola, mchere, njere za mpiru, viniga yense ndi madzi theka la kapu. Vindikirani, ziwire pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mpaka 25. Tengani kakhoko kamodzi, kazizire, mukafinye ndi zala. Kakaphwanyika mosavuta, ndiye kuti nthawi ya shuga yakwana. Khoko la zipatso za mtundu wa malalanje likakumana ndi shuga lisanafewe limalimba, ndipo mukhoza kuphika mpaka makala kutha thumba lonse, lidzakhalabe ngati mphira. Mphika wanga woyamba unathera pamenepo.

Mukathira shuga, takasani mpaka asungunuke yense, ndipo kuyambira pano musavindikirenso. Moto ukhale wofatsa. Pambaula, dikirani makala ayake n'kuyamba kuchita phulusa pamwamba, ndipo ngati akukalipa phulaniko ena. Ziwire choncho kwa mphindi 30 mpaka 40, mukutakasa ndi mthiko pafupipafupi, makamaka chakumapeto pamene zimakonda kupserera pansi. Mthikowo usakhale wa nsima ya tsiku ndi tsiku, apo ayi banja lidya nsima ya fungo la viniga sabata yathunthu. Fungo limenelo likamatuluka m'poto limatsamwitsa, ndiye phikirani panja kapena tsegulani mawindo.

Kudziwa kuti wapsa n'kosavuta. Kokani mthiko pansi pa poto kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Kanjira kakatseguka, pansi pa poto n'kuoneka kwa kanthawi madzi osathamangiramo, phulani. Mtundu wake umakhala utasintha, kuchoka pa chikasu chowala kufika pofiirira ngati uchi, ndipo makoko amaoneka ngati galasi. Musadikire kuti alimbe ngati nsima ali pamoto, amalimbanso akamazizira. Muyeso umenewu umadzaza mabotolo atatu kapena anayi apakatikati.

Mabotolo, ndi kutentha kwa kwathu kuno

Amene amalemba za kaphikidwe ka zinthu zotere ambiri amakhala kumaiko ozizira, kumene botolo likhoza kukhala pashelefu chaka chathunthu. Ife tili ku Mangochi. Ku Namwera kumtunda kuja kumapitako kamphepo, koma kutsika kuno ku Boma, ku Mpondasi, ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, October akafika ngakhale madzi a mumtsuko amafunda. Botolo losasamalidwa bwino silichedwa kuchita nkhungu.

Gwiritsani ntchito mabotolo agalasi, monga a mayonesi kapena a jamu, okhala ndi zotsekera zachitsulo zopanda dzimbiri, zomwe kamphira kake ka m'kati kadakali kabwino. Atsukeni ndi sopo, kenako muwaike m'poto wa madzi ozizira, madziwo awamize, muwawiritse kwa mphindi 10 kuchokera pamene abwata. Musaponye botolo lozizira m'madzi owira kale, limasweka. Zotsekera nazo ziwire. Vuulani ndi chipande choyera, muwavundikire pansalu yochapa bwino kuti adonthe okha. M'kati musapukutemo ndi kansalu ka mbale, mubwezeramo zomwe mwangochotsa.

Thirani chatini ali wotentha m'mabotolo akadali otentha, kusiya mpata wa sentimita imodzi pamwamba. Pukutani kukamwa kwa botolo, tsekani. Kenako yalani kansalu pansi pa poto wamkulu, imikanimo mabotolo odzazawo, thirani madzi otentha mpaka apitirire zotsekera, ziwire mphindi 10 zina. Ena amadumpha gawo limeneli. Ine ndinalidumpha kamodzi, ndipo patatha masabata atatu botolo lina linayamba kuchita thovu, potsegula linalira ngati la thobwa logona. Lonse linapita kudzala.

Akazizira, dinani pakati pa chotsekera. Chikakhala chomira, chosadumpha, botolo latsekeka bwino. Limene chotsekera chake chikudumpha liyambeni kudya. Lembani tsiku pakapepala, mumate pabotolo, musunge pamalo amdima komanso ozizirirapo, kutali ndi moto ndi malata. Pirirani masabata awiri kapena atatu musanatsegule, ukali wa viniga uyambe wagona. Mukatsegula, supuni ikhale youma ndi yoyera nthawi zonse. Mufiriji amatha mwezi. Popanda firiji, malizani m'masiku ochepa. Mukaona nkhungu, thovu kapena chotsekera chotupa, musachite zoyengula pamwamba n'kudya zapansi, tayani.

Nanga amadyera chiyani? Chambo chootcha kapena chokazinga ndiye mnzake weniweni. Kampango, poti ndi wamafuta, amamukonda koposa. Pa mpunga wa nyama ya mbuzi, pa samusa, pa chapati, ngakhale pa chinangwa chokazinga, kasupuni kamodzi n'kokwanira. Pa nsima ya masamba otendera ndinayesa, sizinayende.

Jamu

Njere zija tinasunga zili ndi chinthu chotchedwa pectin, chimene chimalimbitsa jamu. Zimangeni m'kansalu koyera kopyapyala. Dulani kilogalamu ina ya timalalanje mopyapyala kwambiri, muike m'mbale ndi madzi makapu anayi pamodzi ndi kamfundo ka njere kaja, zigone usiku wonse pamalo ozizira zili zovindikira. M'mawa wiritsani zonse mpaka makoko afewe, monga tinachitira muja. Vuulani kamfundoko, kazizire, mukafinyire m'poto mpaka kutuluke tonanda. Thirani shuga makapu anayi, asungunuke, kenako sonkhezerani moto. Apa mosiyana ndi chatini, jamu amafuna kubwata mwamphamvu, kwa mphindi 15 mpaka 25.

Poyesa, donthezani pang'ono pasosala yozizira. Ngati mulibe firiji, sosalayo ikhale itaviikidwa m'madzi a mumtsuko n'kupukutidwa. Dikirani mphindi ziwiri, kankhani dontholo ndi chala. Likachita makwinya pamwamba, jamu wapsa. Musiyeni mphindi 10 musanathire m'mabotolo kuti makoko asayandame onse pamwamba. Mabotolo ndi monga mwa kale. Pa buledi kapena sikono ya m'mawa ali ndi kakuwawira kena kamene ana poyamba amakana, akuluakulu n'kumaliza botolo.

Zosafuna moto wambiri

Mukamaphika chambo cha msuzi, dulani timalalanje tinayi kapena tisanu, chotsani njere, muponyemo tomato atapsa, mphindi zisanu musanaphule. Timagwira ntchito ya ndimu, koma timaonjezera kafungo ka khoko. Todula mopyapyala timakomanso m'saladi ya kabichi ndi anyezi.

Chakumwa nacho n'chachidule: sinjani dzanja limodzi mumtondo woyera wosanunkha adyo, thirani madzi akumwa lita imodzi ndi shuga monga mukondera, sefani. Chimwedwe tsiku lomwelo.

Tikatsala tochuluka ndipo shuga watha m'nyumba, pali njira ya kwawo kwa chipatsochi, kumene amasunga mumchere. Tsukani, yanikani pa lichero mpaka tiumiretu madzi onse akunja. M'botolo lowiritsa ndi louma yalani mchere, timalalanje tathunthu, mchere, timalalanje, mpaka kudzaza, mchere n'kutsekera pamwamba. Musaumire mchere. Pakapita masabata angapo timafota, timada, mchere uja n'kusanduka madzi, ndipo muonetsetse kuti tonse tamira m'madzi amenewo. Anthu a kumwera kwa China amatenga kamodzi kapena tiwiri, n'kuphwanyira m'kapu ya madzi otentha, kumwa pakhosi pakamakanda. Chifuwa chokhalitsa ndi cha kuchipatala, izi n'zongofewetsa pakhosi. Ine ndimakonda kuphwanyira kamodzi mu usipa wofutsa m'malo mwa mchere.

Amene mulibe mtengowu musadandaule. Njira ya chatiniyi imayendanso ndi mango aawisi okhwima, amene kuno kwathu amafika potayidwa cha m'ma November ndi December. Mangowo asendeni, ndipo safuna kuwira nthawi yaitali shuga asanalowe. Ndi mandimu, yambani mwawiritsa makoko kawiri n'kutaya madzi, chifukwa choyera cha m'kati mwa khoko la ndimu chimawawa. Ndipo ngati mwayamba kuganiza zogulitsa m'masitolo kapena m'malo ogona alendo a kunyanja, kafunseni kaye ku Malawi Bureau of Standards za chiphaso ndi zoyenera kulemba pabotolo.

Achemwali ndinawabwezera chidebe chawo muli mabotolo atatu, awiri a chatini ndi limodzi la jamu. Chaka chino aimba kale foni kuti kamtengo kayamba kuwerama, koma akuti kudula ndi kuchotsa njere ndikachitire konko ku Namwera, ana akufuna aone mmene zimakhalira.