Kafesedwe ka njere zing'onozing'ono za maluwa

Njere za petunia, lobelia, begonia ndi snapdragon n'zazing'ono ngati fumbi. Mu galamu imodzi ya petunia mumakhala njere pafupifupi 10,000. Kanjere kotere kalibe chakudya chokwanira kuti mphukira yake iboole dothi lochindikala, ndiponso mitundu inayiyi imafuna kuwala kuti imere. Ambiri amene amadandaula kuti anagula mbewu yakufa amakhala kuti anaikwirira okha.

Yambani ndi dothi. Sakanizani magawo awiri a kompositi yowolerana bwino ndi gawo limodzi la mchenga, kenako musefe kuti pasatsale zibuma kapena timitengo. Dothi la m'munda palokha siliyenera, chifukwa likauma limalimba gwa pamwamba ndipo limabwera ndi njere za udzu. Pezani thireyi kapena chidebe chakuya masentimita 5 mpaka 7, chokhala ndi mabowo pansi, muchitsuke ndi sopo. Thiranimo dothi kusiya sentimita imodzi pamwamba, mulisalaze ndi kathabwa, ndipo mulinyowetse musanafese.

Tapani njere pang'ono ndi nsonga za zala, muzisakanize ndi supuni yaing'ono ya mchenga wouma wosefa. Ikani zonsezi pa pepala lopinda pakati n'kumaligogoda ndi chala uku mukuliyendetsa pamwamba pa thireyi. Mchenga umathandiza kuti njere zisagwere pamodzi, komanso umakuonetsani pomwe mwadutsa kale. Mukatha, tsindirani pang'ono ndi kathabwa kouma kuti njere zigwirane ndi dothi, basi. Musakwirire. Njere zokulirapo monga za zinnia ndi marigold ndiye zimakwiriridwa, koma pakuya posapitirira kawiri kukula kwa njereyo.

Pothirira m'pomwe ntchito yambiri imaonongekera. Madzi a kheni amakokolola njere n'kuziunjika pakona. Thirirani chapansi: ikani thireyi m'beseni la madzi ofika theka la thireyiyo, mudikire mphindi 10 mpaka 20 kufikira pamwamba pa dothi pada ndi chinyontho, kenako muitulutse kuti madzi akhe. Vundikirani ndi pulasitiki yoonekera mkati, muike pamalo owala koma posafika dzuwa lamphamvu, chifukwa pansi pa pulasitiki limaphika njere. Kutentha kwa madigiri 20 mpaka 24 ndiye koyenera. Petunia amamera pakati pa masiku 7 ndi 10, pomwe begonia atha kutenga masabata atatu, choncho musafulumire kutaya dothi.

Zikangomera chotsani pulasitiki tsiku lomwelo. Mukachedwa, mudzapeza mbande zagwa, tsinde litaonda ndi kuda pomwe lagundana ndi dothi. Chimachititsa ndi nkhungu ya m'dothi imene imakonda chinyontho chambiri, mpweya wosayenda ndi mbande zothithikana. Yagwa siidzukanso. Zulani zodwalazo pamodzi ndi dothi lozungulira, chepetsani madzi, ndipo muzithirira m'mawa kuti pofika usiku pamwamba pakhale patauma. Mbande zikamatalika mowonda n'kumapendamira mbali imodzi, ndiye kuti kuwala kwachepa.

Masamba enieni awiri akatuluka, osati awiri oyamba aja, okerani mbande iliyonse mu kachubu kake. Itukuleni chapansi ndi kamtengo kosongoka, ndipo muigwire tsamba, osati tsinde. Tsamba likaduka linanso limaphuka, koma tsinde likafinyika mbande yafa. Musanaziokere m'munda, zizolowetseni dzuwa ndi mphepo kwa masiku 7 mpaka 10, kuyamba ndi maola awiri patsiku.

Poppy, duwa linanso la njere zing'onozing'ono, sakonda kuokeredwa, chifukwa muzu wake ukagwedezeka sagwiranso bwino. Ameneyu mufesereni pabedi pomwepo, mosakaniza ndi mchenga monga kale, muzithirira ndi botolo lopopera, ndipo zikamera mupatulire kuti zitalikirane masentimita 15 mpaka 20.